Mapointi awiri a pa Ellis Park

Pa 3 Ogasiti 2013, pabwalo la Ellis Park mumzinda wa Johannesburg, timu ya rugby ya Southern Kings idagonjetsa eni bwalo, a Lions, ndi mapointi 23 kwa 18. Chodabwitsa n'chakuti amene adatuluka m'bwalomo akuimba anali ochemerera timu yogonjayo, pamene opambanawo adabwerera kwawo mitu ili pansi. Sabata imodzi m'mbuyomo, ku Port Elizabeth, a Lions adali atapambana 26 kwa 19, ndipo powonkhetsa masewero awiriwo zidakhala 44 kwa 42. Mapointi awiri amenewo ndi amene adagamula kuti Lions ibwerere mu mpikisano wa Super Rugby ndipo Kings ituluke.

Rugby si masewero athu kuno kunyanja. Achinyamata athu amadziwa mpira wamiyendo, akuluakulu amadziwa bawo. Koma Joni ndi wathu ndithu. Ku Mangochi, ku Machinga ndi ku Nkhotakota n'zochepa nyumba zimene zilibe mwana, mlamu kapena malume amene adapitako kukafuna ntchito, ndipo munthu akakhalitsa pamalo amatolako ndi zokonda za eni malowo. Ena mwa abale athu amabwera ndi jezi yofiira yokhala ndi chithunzi cha mkango pachifuwa. Pamodzi ndi jeziyo pali nkhani imene ochemerera a Lions amakonda kuikamba, ya momwe timu yawo idaponderezedwera, nigwa, nidzukanso. Nkhani imeneyi ndi imene tikufuna kuiunika, chifukwa ndi yokoma kuimva, mbali yaikulu ndi yoona, komabe ili ndi malo ena amene wokamba amawadumpha mofulumira.

Kwa amene sadaonepo masewerowa, timu iliyonse imakhala ndi anthu 15 ndipo amasewera mphindi 80. Mpira wake ndi wooneka ngati dzira. Amaunyamula m'manja n'kumathamanga nawo, koma popatsirana ndi manja saloledwa kuuponya kutsogolo. Wosewera akaugunditsa pansi kuseri kwa mzere wa adani, chimene amachitcha try, timu imapeza mapointi 5, ndipo ikamenya bwino mpira pakati pa mitengo iwiri imawonjezera 2. Penate imapatsa mapointi 3. Choncho mapointi awiri ndi kanthu kakang'ono zedi, mpira umodzi wokha wokhotera kumbali.

Ochemerera a Lions amayamba nkhani yawo ndi chaka cha 2011, pamene timu yawo idatenga chikho cha Currie Cup, mpikisano wakale kwambiri wa zigawo za South Africa, itagonjetsa Sharks 42 kwa 16. Chaka chotsatira zinthu zidasokonekera. Osewera adadandaula za mphunzitsi wawo John Mitchell, iye adaimitsidwa ntchito, ndipo timu idathera pansi penipeni pa Super Rugby itapambana masewero atatu okha. Mu Ogasiti 2012 bungwe loyendetsa rugby m'dzikomo, SARU, lidavota kuti malo a Lions atengedwe ndi Southern Kings m'chaka cha 2013. Osewera odziwika adabwerekedwa ku matimu ena: Elton Jantjies ndi Jaco Taute ku Stormers, Franco van der Merwe ku Sharks, Lionel Mapoe ku Bulls. Otsalawo adakhala miyezi akusewera masewero apaubale opanda chikho, pabwalo lolowa anthu oposa 60,000, bwalo lomwelo limene Nelson Mandela adaperekerapo chikho cha dziko lonse kwa Francois Pienaar mu 1995.

Kenaka pakubwera gawo limene amalikonda. Johan Ackermann, amene adatenga malo a Mitchell, adasonkhanitsa anyamata amene matimu akuluakulu sadawaone kufunika kwake. Warren Whiteley adakhala kaputeni. Padali Jaco Kriel, Franco Mostert, Faf de Klerk wochokera ku Pumas, ndipo pambuyo pake Malcolm Marx. Adasewera rugby yothamanga, yosaopa kupatsirana mpira ngakhale pafupi ndi mzere wawo, yosiyana ndi ya mabavu imene matimu a m'dzikomo adazolowera. Timu imene idali kunja mu 2013 idafika ndime yomaliza ya Super Rugby zaka zitatu zotsatizana, 2016, 2017 ndi 2018. Chikho sidachitenge. Idagonja kwa Hurricanes, kenaka kawiri kwa Crusaders, ndipo mu 2017, pakhomo pawo penipeni bwalo litadzaza, adasewera theka lonse lachiwiri ali 14 Kwagga Smith atapatsidwa khadi yofiira. Ochemerera amati kutsika kuja kudawatsuka, kudachotsa aulesi ndi okonda ndalama, kudasiya okhawo okonda jezi.

Tiyambe ndi zimene nkhaniyi ikulondola. Dandaulo lawo lalikulu ndi lakuti Kings sidalowe mu Super Rugby chifukwa chopambana pabwalo. Izi n'zoona. Timu ya chigawocho, Eastern Province Kings, inkasewera mu gawo lachiwiri la Currie Cup. Idatenga gawolo mu 2010 ndi mu 2012, koma maulendo onse awiri idalephera masewero okwerera mu gawo loyamba, poyamba kwa Pumas, kenaka kwa Free State Cheetahs. Timu imene idalephera kukwera mu mpikisano wa m'dziko mwawo idapatsidwa malo mu mpikisano wa mayiko atatu, yokakumana ndi akatswiri a New Zealand ndi Australia. Munthu wokonda masewero ali ndi ufulu wofunsa kuti malo otere amaperekedwa pabwalo kapena pamsonkhano. Ndiponso chigamulo chidachedwa. Kulengeza mu Ogasiti za mpikisano woyamba mu Febuluwale kudapweteka mbali zonse ziwiri, pakuti Lions idataya ndalama za makampani ndi osewera, ndipo Kings idatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi yokha yomangira timu, osewera abwino ambiri atasaina kale kwina.

Tikuvomerezanso kuti kukhulupirika kwa anthu amene adapitabe ku Ellis Park m'chaka chouma chija ndi khalidwe lofunika kulilemekeza. Kukonda timu imene ikupambana sikuvuta. Amene amagula tikiti akudziwa kuti mwina akagonja, nakhala pampando mpaka wenzulo yomaliza, akuonetsa kupirira kumene ife timakuphunzitsa kumadrasa pa zinthu zazikulu kuposa mpira.

Koma nkhani yabwino iyenera kuyesedwa ndi zimene yasiya. Choyamba chimene wochemerera amadumpha ndi mbiri ya timu yake yomwe. Mu 2010 Lions idasewera masewero 13 a mpikisanowu ndipo idagonja onse 13. Chaka cha 2012 sichidali ngozi yogwa mwadzidzidzi. Kwa zaka zambiri timu ya mumzinda wolemera kuposa yonse ya mu Africa muno inkakhala kumunsi kwa ndandanda popanda chilango chilichonse, chifukwa mpikisanowo udalibe lamulo lotsitsa timu. Pamene lamulo lidabwera, lidagwera amene adali pansi. Wochemerera amati lamulolo lidapangidwira iwo. Ife tikuona kuti lidawapeza pamene adadziika okha.

Chachiwiri ndi chachikulu, ndipo tikhalapo pang'ono. Nkhani ya a Lions imayamba mu 2011, pamene ya anzawo a ku Eastern Cape idayamba zaka zoposa 100 m'mbuyomo. Ku South Africa anthu ambiri akunja amaganiza kuti rugby ndi ya Mabunu ndipo anthu akuda amasewera mpira wamiyendo. Ku Eastern Cape sizili choncho. Kumeneko Axhosa adaphunzira rugby m'sukulu za mishoni monga Lovedale ndi Healdtown m'zaka za m'ma 1800, ndipo kalabu ya Union ya ku Port Elizabeth idakhazikitsidwa mu 1887. Dzina la Lovedale si lachilendo kwa ife, pakuti n'kumene kudachokera William Koyi ndi anzake amene adafika ku Cape Maclear mu 1876 kudzathandiza amishoni a Livingstonia. M'makomboni a New Brighton, Kwazakhele ndi Zwide, rugby idali masewero a tate ndi mwana, ya Loweruka lililonse, pamabwalo afumbi. M'nthawi ya tsankho anthuwa sankaloledwa kuvala jezi ya Springbok. Mu 1971 adakhazikitsa bungwe lawo losaona khungu, KWARU, ndipo Dan Qeqe adatsogolera ntchito yomanga bwalo limene lero limadziwika ndi dzina lake. Mu 1976 mnyamata wachizungu, Cheeky Watson, adasewera nawo limodzi mophwanya malamulo a nthawiyo, ndipo zimenezo zidamutsekera njira ya ku Springbok. Ndi Watson yemweyo amene adali mtsogoleri wa bungwe la Eastern Province pamene Kings inkalowa mu Super Rugby.

Tsankho litatha, chigawo chimenechi, chokhala ndi osewera akuda ochuluka kuposa china chilichonse, chidatsala chopanda timu yakeyake mu mpikisano waukulu. Mu 2005 chidalonjezedwa kuti timu yotchedwa Southern Spears idzalowa mu 2007. Lonjezolo lidabwezedwa mu 2006, nkhani idapita kukhoti, ndipo Spears idatha isadasewereko ngakhale kamodzi mu mpikisanowo. Kings idabadwa mu 2009, nisewera koyamba pa 16 Juni ndi British and Irish Lions pabwalo latsopano la Nelson Mandela Bay. Idadikiranso zaka zinayi. Tsono pamene wochemerera wa ku Johannesburg akunena kuti adakhala chaka chathunthu kunja, wa ku Zwide angamuyankhe kuti iye adabadwira kunjako, ndi atate ake omwe.

Apa ndi pamene mawu akuti malo aziperekedwa pabwalo amafunika kuwayang'anitsitsa. Amamveka achilungamo, ndipo pakati pa matimu oyambira pamzere umodzi ndi achilungamodi. Koma mu rugby ya masiku ano ndalama za wailesi yakanema zimapita kwa amene ali mu mpikisano waukulu. Ndalamazo zimagula osewera. Mnyamata waluso wa kuchigawo chopanda timu amatengedwa akadali pasukulu. Siya Kolisi adabadwira ku Zwide, adaphunzira ku Grey High School mumzinda womwewo wa Port Elizabeth, koma dzina lake lidamveka atavala jezi ya Stormers ku Cape Town. Chigawo chimalera, ena amakolola, kenaka okololawo amati chigawocho chilibe timu yolimba, chisalowe. Chikapanda kulowa sichipeza ndalama zosungira ana ake. Msodzi amene mwamulanda ukonde simungamuuze kuti mudzamubwezera akadzaonetsa nsomba zimene wagwira.

Asilamu tili ndi chifukwa china chomvetsera nkhani imeneyi. Ku Cape Town abale athu m'chipembedzo adali m'gulu la oyambitsa rugby ya anthu osakhala azungu. Bungwe lawo la ku Western Province lidakhazikitsidwa mu 1886, ndipo mwa makalabu oyamba mudali Hamediehs ndi Arabian College, maina odzinenera okha. Ku District Six ndi ku Bo-Kaap rugby idali gawo la moyo wa m'mabanja achisilamu. Iwo adadziwa kutsekeredwa kunja kawiri, pakuti kupatula azungu, padalinso bungwe lina la anthu a khungu ngati lawo, la City and Suburban, limene kwa zaka zambiri silinkalandira Asilamu. Abdullah Abass adatsogolera bungwe losaona khungu kwa nthawi yaitali, ndipo pamene mabungwe a azungu ndi a akuda adaphatikizana mu 1992, Ebrahim Patel adakhala mtsogoleri limodzi ndi Danie Craven. Komabe padapita zaka zina 22 kuti Nizaam Carr avale jezi ya Springbok mu 2014, ndipo Salmaan Moerat adatsogolera timuyo ngati kaputeni mu 2024. Anthu amene agogo awo adasewera rugby kuyambira 1886 sadachedwe chifukwa chosowa luso. Amene adamva zimenezi kwa makolo ake sangafulumire kuvomera kuti bwalo lokha ndi limene limagamula.

Tsono chaka chimodzi chimene Kings idapatsidwa chidatha bwanji? Pa 23 Febuluwale 2013 idagonjetsa Western Force ya ku Australia 22 kwa 10 pamaso pa anthu oposa 30,000, ndipo mnyamata wa zaka 18, Sergeal Petersen, adagunditsa mpira kuseri kwa mzere kawiri. Idalepherana ndi Brumbies 28 kwa 28 ku Canberra, timu imene chaka chomwecho idafika ndime yomaliza. Idagonjetsa Rebels ku Melbourne ndi Highlanders pakhomo. Idathera pansi ndithu, koma ndi masewero atatu opambana, chimodzimodzi ndi Lions ya 2012, kuwonjezerapo amodzi olepherana. Timu yomangidwa mothamanga idachita zimene timu yakale ya mumzinda wa golide idachita, ndipo malipiro ake adali kukamenyera moyo wake m'masewero awiri, itatopa ndi ulendo wa miyezi isanu, ndi timu imene idakhala chaka chonse ikukonzekera masiku awiri okhawo.

Sitikufuna kusintha nkhani yokondera mbali imodzi ndi inzake yokondera mbali ina. Ochemerera a Kings nawonso ali ndi malo amene amawadumpha. Timu imene idalowa m'dzina la osewera akuda a kuchigawoko idatuluka pabwalo ndi azungu ambiri ogulidwa kwina, ndiponso alendo ochokera ku Argentina, France ndi New Zealand. Atsogoleri adati alibe nthawi yolera ana awo pamene akuwopa kutsika, ndipo m'mawu amenewo muli choonadi, koma anthu a ku Zwide amene adadzaza bwalo adali ndi ufulu woyembekezera kuona ana awo ambiri kuposa amene adawaona. Choipitsitsa chidadza mu 2015. Ndalama zimene atsogoleri ankanena kuti zikubwera kuchokera kwa wothandiza sizidafike, ndipo osewera adakhala miyezi osalandira malipiro. Awa ndi anthu a mabanja, a lendi, a fizi ya ana. SARU idalanda utsogoleri wa timuyo mu Novembala chaka chimenecho, osewera adapita kukhoti, ndipo mu 2016 kampani ya Eastern Province idathetsedwa. Kulimba mtima kumene munthu adaonetsa mu 1976 n'kolemekezeka, koma sikulipira wantchito wa mu 2015. Chipembedzo chathu chimaika malipiro a wantchito pamalo apamwamba kwambiri, ndipo sichilola kuti achedwetsedwe chifukwa chakuti bwana ali ndi cholinga chabwino. Abale athu amene adagwirapo ntchito ku Joni mwezi wathunthu, nauzidwa kuti abwere sabata yamawa, akudziwa kulemera kwa nkhaniyi kuposa ife olemba.

Tikaika nkhani ziwirizi pamodzi, chimene chikuoneka n'chakuti masewero a pa 26 Julayi ndi 3 Ogasiti sadakonzedwe kuti apeze timu yoyenera. Adakonzedwa kuti akuluakulu asasankhe okha. South Africa idali ndi malo asanu ndi matimu asanu ndi imodzi. Bungwe lidalonjeza Eastern Cape lisadapeze malo achisanu ndi chimodzi, ndipo litalephera kuwapeza lidasiya mlanduwo m'manja mwa anyamata 30 ndi mpira wokhota. Umboni wake ndi wakuti masewero otere sadachitikenso. Adachitika kamodzi kokha. Lamulo lenileni la kukwera ndi kutsika limagwira chaka ndi chaka, kwa wamkulu ndi wamng'ono yemwe. Limene lagwira kamodzi n'kuchotsedwa pamene timu yaikulu yabwerera pamalo pake limakhala lidali njira yothawira chabe. Wochemerera wa Lions akamati adabwerera mwa mphamvu zawo akunena zoona, koma aziwonjezera kuti atangolowa, khomo limene adalowera lidamatidwa.

Pali mawu amene akatswiri athu akale adawasanthula bwino, akuti asabiyya, ndiko kumangana kwa anthu a gulu limodzi. Ibn Khaldun, amene adabadwira ku Tunis mu 1332, adaona kuti popanda kumangana kumeneku palibe mudzi kapena ufumu umene ungaime. Ndi kumene kudasunga Lions mu 2013, ndi kumene kudasunga makalabu a ku Kwazakhele ndi ku Bo-Kaap m'zaka za tsankho. Koma maphunziro a Mtumiki wathu, mtendere ndi madalitso zikhale pa iye, amasiyanitsa kukonda anthu ako ndi kuwaikira kumbuyo pamene akulakwira ena. Wochemerera ali pangozi imeneyi sabata iliyonse. Chikondi chake chimamupatsa maso akuthwa pa zolakwa zimene timu yake yachitiridwa, ndipo chimamuphimba m'maso pa zimene timu yakeyo yapindula nazo. N'chifukwa chake umboni wake ndi wofunika kuumva, pakuti palibe wina amene amasunga masiku ndi maina ngati iye, koma suyenera kukhala umboni wokhawo pamlandu.

Ganizo lakuti kutsika kumatsuka timu ndi limene tikulikayikira kwambiri. Lidagwira ku Lions chifukwa Lions idali ndi pogwera. Idali ndi bwalo lake, dzina lake, sukulu zolemera zozungulira mzindawo, anthu andalama oti n'kuitchinjiriza chaka chimodzi, ndiponso matimu ena ovomera kusunga osewera ake n'kuwabweza. Kugwa kwa munthu wotere n'kupunthwa chabe. Kings itatsika, osewera ake abwino adabalalika, mtsogoleri wa aphunzitsi Alan Solomons adapita ku Edinburgh, ndipo makampani adatseka zikwama. Mankhwala amene adachiritsa wina adapha mnzake, ndipo wochiritsidwayo ndi amene akuyenda kumatamanda mankhwalawo. Kwathu kuno tikuzidziwa. Mu Super League yathu matimu atatu amatsika chaka chilichonse, ndipo kawirikawiri amakhala ang'onoang'ono, ongokwera kumene, opanda kampani kapena nthambi ya boma kumbuyo kwawo, oyenda mtunda wautali pa ndalama zosonkherana. Timu yotere ikatsika, nthawi zina dzina lake silimvekanso. Sitinena kuti kutsitsa matimu kuthe, pakuti ligi yopanda mantha imagona. Tikunena kuti amene sadagwepo opanda womuwakha asamaphunzitse ena ubwino wa kugwa.

Zotsatira zake tingazifotokoze mwachidule. Mu 2016 mpikisano udakula kufika matimu 18 ndipo Kings idabwerera popanda kumenyana ndi aliyense, zimene zikuonetsa kuti vuto lidali malo basi. Chaka chimenecho idavutika kwambiri. Koma mu 2017, pansi pa mphunzitsi Deon Davids, ndi osewera ambiri osadziwika ndi obwereka, idapambana masewero asanu ndi limodzi. Idagonjetsa Waratahs ku Sydney, Jaguares ku Buenos Aires, Sharks pakhomo, ndi Bulls ku Pretoria. Ndi chaka chimenecho, chabwino kuposa zonse m'mbiri yake, pamene akuluakulu adachepetsa matimu kubwerera pa 15, ndipo Kings ndi Cheetahs adachotsedwa. Ulendo uno padalibe masewero omenyera malo. Bulls, imene chaka chimenecho idathera pansi pa Kings pa mapointi, idatsala. Amene ankafuula mu 2012 kuti bwalo ligamule sadamveke kwenikweni mu 2017, pakuti iwo adali kalikiliki kugula matikiti a ndime yomaliza. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, koma apa amene adali atachiona kale ndi amene adaiwala msanga.

Kings idapita kukasewera ndi matimu a ku Ulaya mu mpikisano wa Pro14, kumene idagonja kawirikawiri pamaso pa mipando yopanda anthu. Mu 2019 gulu la amalonda lidagula gawo lalikulu la timuyo, chaka chotsatira SARU idaitenganso, ndipo mu Seputembala 2020, mliri wa Covid-19 utaimitsa masewero, kampaniyo idathetsedwa ili ndi ngongole za pafupifupi R55 miliyoni. Osewera ndi antchito adatsalanso m'manja muli gwa. Lions, pamodzi ndi Bulls, Sharks ndi Stormers, idalowa mu United Rugby Championship mu 2021, mpikisano umene ulibe lamulo lotsitsa timu.

Mwa anyamata a Kings ya 2017 mudali wina wochokera kumudzi wa Tsholomnqa, kufupi ndi East London, amene sadaphunzire pasukulu iliyonse yotchuka ndi rugby ndipo adafika zaka 26 asadasewerepo mu mpikisano waukulu. Dzina lake ndi Makazole Mapimpi. Chaka chimenecho adagunditsa mpira kuseri kwa mzere ka 11. Pa 2 Novembala 2019, ku Yokohama m'dziko la Japan, adalandira mpira kwa Lukhanyo Am, amenenso adavalapo jezi ya Kings mu 2016, nakhala munthu woyamba wa South Africa kugoletsa try mu ndime yomaliza ya chikho cha dziko lonse. Chikhocho adachinyamula Siya Kolisi wa ku Zwide. Onse atatuwo panthawiyo ankasewerera matimu a ku Durban ndi ku Cape Town. Mumzinda umene tsopano ukutchedwa Gqeberha, timu ya chigawocho idabwerera ku dzina lake lakale la Elephants, ndipo idabwereranso mu gawo lachiwiri la Currie Cup, momwe idali Kings isadabadwe.